Wapositi Asalowe Muno

Nthawi inali 2 koloko masana a Loweruka lina m'mwezi wa Malichi 1945, kunja kukutentha, mvula itadetsa kumwamba kuseri kwa minda ya khofi koma ikukanabe kugwa. M'kachipinda ka makina, pamwamba pa nyumba ya kanema yokhayo m'tauni ya Santa Rita das Lajes, Anacleto ankapukuta galasi la makina oonetsera filimu pamene anamva masitepe akulira limodzilimodzi, monga mmene ankalirira akamakwera mwini nyumbayo, Dona Zulmira.

Msangamsanga anakonza nkhope. Anagwetsa milomo, anakwinya pachipumi, analuma mkati mwa tsaya. Linali tsiku lachisanu akuchita zimenezi, ndipo tsayalo linali litayamba kutupa.

Nkhani yake inali yotere. Honório, mwana mmodzi yekhayo wa Dona Zulmira, anali kunkhondo ku Italiya pamodzi ndi anyamata ena asanu ndi mmodzi a m'tauniyo. Chidutsireni Khirisimasi sanalembeko kalata. Kenaka wayilesi inalengeza za nkhondo yaikulu ya paphiri, ndipo patapita masiku, wapositi Belarmino anagogoda pakhomo lina mumsewu wa kumsika, pepala la boma la uthenga wa imfa lili kudzanja lina, chipewa chili kudzanja linalo. Tsiku lomwelo Dona Zulmira anakokera Anacleto pakawindo kogulitsira matikiti, pomwe pankakhala kachifanizo ka Rita Woyera, n'kumulumbiritsa. Nthawi yonse imene akugwira ntchito m'nyumba imeneyi, chilichonse chimene Belarmino angabweretse asawapatse, asawauze, asawaonetse ngakhale pankhope pokha. Anacleto analumbira. Iye anali munthu wochita zimene wauzidwa, osaonjezera, osachotsera, ndipo zaka makumi awiri ndi ziwiri za ntchito sizinamusinthe.

Tsono Lachiwiri lapitalo Belarmino anabweretsa kalata. Anacleto anazindikira wolemba asanaigwire n'komwe: zilembo zopendekera ngati mpanda umene wakankhidwa ndi ng'ombe. Anamuphunzitsa kulemba mwanayo ndi iye, pazikwangwani za kanema. Anamunyamula pa ubatizo ndi iyenso, n'chifukwa chake iye ndi Dona Zulmira ankaitanana kuti kompadre ndi komadre. Chidindo cha pa envulopu chinali cha masiku khumi nkhondo ya paphiri ija itatha. Mwanayo anali moyo. Nkhope ya Anacleto inkangofuna kuseka yokha, iye n'kumaigwira ndi mano. Masana a Loweruka limeneli, poona mitambo, ndiponso podziwa kudontha kwa denga la kachipinda kake, anali ataika kalatayo m'chitini chomaliza cha filimu, chachisanu ndi chimodzi, chimene chinali ndi chivindikiro cholimba kuposa zonse.

Dona Zulmira analowa ali wefuwefu, sizasi yawo yodulira nsalu ili m'manja. Anamuyang'ana kumaso kamodzi, n'kuyang'ana kumbali msanga.

"Kompadre, mudule wapositi."

"Belarmino?"

"Wa mufilimu. Belarmino ndidzathana naye ndekha."

Filimuyo inali ya Angelezi, inabwera pa sitima Lachinayi m'zitini zisanu ndi chimodzi, mpukutu umodzi m'chitini chilichonse. Inali ya banja la wosoka nsapato lotsala pakhomo mwana wawo atapita kunkhondo: makatani akuda m'mawindo, mizere yodikira batala, mayi woika kapu ya mwana wake patebulo madzulo aliwonse. Dona Zulmira anali ataitana amayi a asilikali kuti adzaionere ulere 7 koloko madzulo amenewa, pamodzi ndi wansembe wa parishi, Abambo Custódio. M'mawa Dona Zulmira anaionera okha m'holo yopanda anthu, ndipo anatuluka mpukutu wachisanu uli pakati, pamene wapositi anafika pakhomo n'kuvula chipewa.

Anacleto anafunsa kuti amudule pati.

"Ponseponse. Muno mukhala azimayi asanu lero. Sindinawaitanire kudzaona munthu akuvula chipewa pakhomo."

"Asanu ndi mmodzi. Simunadziwerenge."

"Ine sindionera kanema. Ine ndimagulitsa matikiti."

Anacleto anatulutsa kabuku kake m'thumba la apuloni. Filimu iliyonse ikafika ankaionera yekha kawiri kuti aone mong'ambika, ndipo ankalemba zonse. Ananyowetsa chala n'kutsekula.

"Wapositiyo akuoneka kakhumi ndi kamodzi. Mu mpukutu woyamba akubweretsa pepala loitana mnyamatayo kunkhondo."

"Dulani."

"Ndiye mwanayo apita kunkhondo osaitanidwa."

"Anyamata amatero. Dulani."

Anacleto, amene ankadziwa kuti Honório anakalembetsa yekha mayi ake ali ku Misa, anaika kabuku patebulo. Anakoka mpukutu woyamba, anaunika filimuyo panyale, n'kudula. Chidutswacho anachilemba nambala n'kuchipachika pamsomali, chifukwa Lolemba filimuyo inkayenera kukwera sitima yathunthu kupita tauni ina.

"Mu wachiwiri, komadre, wapositiyo akufunsira mwana wamkazi wa m'nyumbamo."

"Afunsiridwa ndi wina."

"Palibe wina. Amuna onse a mufilimuyi apita kunkhondo. Kwatsala iyeyu, chifukwa amatsimphina, ndi wansembe."

"Ndiye akhale choncho osafunsiridwa. Sanafepo munthu."

"Mu wachitatu akukwatiwa."

"Ndi yani?"

"Ndi wapositi."

Dona Zulmira anatsekula sizasi n'kuitsekanso. Anacleto anafotokoza mosathamanga mmene zikhalire akamudula: mtsikanayo alowa m'tchalitchi atavala zoyera, ayang'ana chakumanja, amwetulira, basi kenaka tili panja anthu akumuwaza mpunga ali yekha.

"Anthu adzaganiza okha."

"Mu wachinayi ali ndi khanda."

Kutali kwambiri kunagunda bingu.

"Abambo Custódio akhala kutsogolo," Anacleto anatero akuyang'ana m'kabuku. "Mpando wawo uja."

"Dulaninso khandalo."

"Khandalo alinyamula ndi agogo ake kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Ndikadula khanda, ndadula agogo."

"Kodi agogowo akugwira ntchito yanji mufilimuyi?"

"Akunyamula khanda."

"Ndiye apite onse awiri."

Anapita onse awiri. Anacleto ankadula, kulemba nambala, kupachika, kenaka n'kupala m'mphepete ndi lezala ndi kumata ndi guluu wake wonunkha ngati nthochi zakupsa. Dona Zulmira anaima pambali pake akuyang'anira, ndipo nthawi ndi nthawi ankaba diso n'kuyang'ana tsaya lija. Anacleto akamva diso lawo ankaluma kwambiri.

Pa mpukutu wachinayi panabukanso vuto lina. Bomba likugwera shopu, khoma likuphimba wosoka nsapato uja, ndipo womufukula ndi manja ake anali wapositi yemweyo.

"Kodi m'dziko limeneli mulibe anthu ena? Chilichonse wapositi? Amagawa nthawi yanji makalatawo?"

"M'mawa, komadre. Akuonetsa mu wachiwiri. Tadula kale."

"Asiyeni bambowo pansi pa khomapo."

"Ndiye mu wachisanu ali patebulo akudya mbatata. Anthu afunsa kuti atuluka bwanji."

"Anthu a m'tauni ino safunsa kanthu. Ena amagona, ena amasenda mtedza, ena amawerengera anzawo mawu olembedwa pansi pa chithunzi aja mokweza mpaka kulakwitsa. Dulani."

Pofika hafu pasiti 3, apositi khumi anali atalendewera pamisomali ngati soseji yoyanika, kuphatikizapo uja wovula chipewa. Anacleto anayeza ndi maso zimene zinatsala m'zitini zisanu, n'kunena kuti filimu ya maola awiri tsopano yatsala ya mphindi makumi asanu. Anafotokozanso nkhani yake monga inalili tsopano: mnyamata akuchoka pakhomo popanda womuitana, mlongo wake akukwatiwa ndi mphepo, bambo ake akufa n'kudzuka osauza munthu, ndipo mayi akuika kapu patebulo, kuichotsa, kuikanso, kenaka mwadzidzidzi akulira pakhomo popanda chowaliza.

"Dulani kulirako."

"Ndikadula, kwatsala kapu."

"Kapu silakwa."

"Ayi, silakwa. Koma nkhani siimveka. Mayiyo angokhala akudikira, wosamuuza kanthu palibe." (Anacleto anakonza yekha, chifukwa ankadana ndi kunena zokhota.) "Ndikuti womuuza kanthu palibe. Chabwino kapena choipa. Mpaka magetsi ayake."

Dona Zulmira anabwera ndi nzeru ina, ndipo inaoneka kuti anaiganizira pokwera masitepe. Ayambe ndi mpukutu wachisanu, atsike wachinayi, wachitatu, amalize ndi woyamba. Motero mnyamatayo athera pakhomo, akudya ndi mayi ake, anthu n'kumapita kwawo mitima ili m'malo.

"Woyamba umathera pasiteshoni, akukwera sitima."

"Ndiye muuyendetse chafutambuyo, atsike."

Anacleto anaika lezala pansi. Izi zinali za ntchito yake, ndipo pa za ntchito sankafulumira. Ananena kuti n'zotheka, anayesapo tsiku lina kulibe anthu. Sitimayo ibweradi. Utsi ulowa m'chumuni. Mnyamatayo atsika ndi nkhongo. Koma mayi ake amulanda kamba amene anamupatsa, amuvula jekete, kenaka amukokera kunyumba onse akuyenda ngati nkhanu zosokonezeka.

"Zilibe kanthu."

"Ndiponso onse aoneka chadodolido, komadre. Miyendo kumwamba. Filimu ukaiyamba kumchira imatero. Masiketi sagwa, zimenezo ndinaonetsetsa. Koma Abambo Custódio ali ndi mtima wofooka."

"Chadodolido, chafutambuyo, ndi nkhongo," anatero Dona Zulmira, mawu atatsika. "Bola wabwera."

Anacleto analuma tsaya mpaka anamva kukoma kwa magazi. Chitini chachisanu ndi chimodzi chinali pashelefu, mikono iwiri kuchokera pamene panali chigongono chawo.

"Tsaya lanulo latani?"

"Sindinganene."

Dona Zulmira anakhala pabokosi la zida pang'onopang'ono, sizasi ili pamiyendo. Anacleto anaganiza kuti ndi masitepe aja. Anawafunsa ngati awathirire khofi wa m'botolo lake, iwo anapukusa mutu. Patapita kanthawi anafunsa kuti kwatsala apositi angati.

"Mmodzi. Mu wachisanu ndi chimodzi wapositi akubweranso, ndipo ulendo uno..."

"Musandiuze mathero."

"Sindikukuuzani mathero. Ndikungoti ulendo uno..."

"Ndati musandiuze."

Anacleto anatseka pakamwa. Zoletsedwa zinali zitakwana zinayi tsopano, ndipo anaziwerenga mumtima kuti asaiwale. Kenaka anachita chinthu chimene pa zaka makumi awiri ndi ziwiri anali asanachitepo: ananena maganizo ake.

"Ameneyo ndikanakonda mukanamusiya."

"Ndakufunsani zimene mukanakonda? Tsitsani chitinicho mudule."

Anatsitsa chitinicho. Anaika zala pachivindikiro, ndipo pomwepo anaona pamene panali msampha. Akatsekula, kalatayo ili pamwamba penipeni, mpanda wa zilembo uja uli poyera. Kumeneko ndi kuwaonetsa. Anachotsa zala.

"Ndimudula mukatsika."

"Mumudula ndikuona."

"Sindingatsekule inu muli pano."

"Chifukwa?"

"Munandiletsa."

"Ine? Liti?"

"Sindinganene. Munandiletsanso."

"Kompadre, mwamwa?"

"Khofi. Wa m'mawa."

"Patseni kuno ndidule ndekha."

"Kukupatsani ndiye sindingathe n'komwe."

"Chitini changa, m'nyumba mwanga?"

"Chitinicho ndi cha eni filimu. Nyumba ndi yanu."

Dona Zulmira anaimirira n'kutambasula dzanja. Anacleto anayang'ana uku ndi uku, osaona kothawira, ndipo anachita chokhacho chimene chinatsala. Anaika chitinicho pansi n'kuchikhalira, manja atapinda, mawondo ali m'chibwano. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, ndipo mawondowo analira kuposa masitepe.

"Dzukani."

"Ndikadzuka mutenga."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuti dzukani."

"Ndiye n'chifukwa chake sindidzuka."

"Iwe Anacleto."

"Muja munanditchula 'iwe' komaliza ndi tsiku lija filimu inapsa."

"Lero upsa ndiwe. M'chitinimo muli chiyani?"

"Mpukutu wachisanu ndi chimodzi."

"Basi?"

Anacleto sankanama. Sakanathanso kuyankha. Anayang'ana pansi, anagwetsa milomo kuposa kale, n'kuluma.

Dona Zulmira anayang'ana chitinicho, anayang'ana nkhopeyo, kenaka dzanja lija linabwerera lokha. Pamene anayankhulanso sanakweze mawu. Anamuuza kuti atenge chipewa chake azipita, ndipo anyamule chitinicho, akachiponye kumene akufuna, mumtsinje kapena pasiteshoni.

"Nkhope yanuyonso mupite nayo. Ndakhala ndikuiona chiyambire Lachiwiri. Pa khofi ili pomwepo, potseka ili pomwepo. Ndinakuuzani kuti musandionetse pankhope, inu n'kumayenda nayo ngati belu la maliro. Ndamva. Ndamva kale. Pitani."

Apa m'pamene Anacleto anazindikira zimene nkhope yake inakhala ikulalikira masiku asanu. Anatsekula pakamwa, koma Rita Woyera anali pansipo pakawindo, ndipo mawu a lumbiro ankawakumbukira onse, limodzi ndi limodzi, kuyambira oyambirira. Anawabwereza mumtima. Anawabwerezanso oyambirirawo. Kenaka anakweza mutu.

"Komadre, mwandichotsa ntchito?"

"Ndakuchotsani."

"Kuyambira liti? Lolemba?"

"Pompano."

"Osati mwezi ukatha? Chifukwa ena amati pompano akutanthauza mwezi ukatha."

"Pompano. Mphindi ino."

"Mungabwereze Rita Woyera akumva?"

Dona Zulmira anapita pakhomo n'kufuulira m'masitepe, molunjika kukawindo ka matikiti, kuti Anacleto Furtado sagwiranso ntchito m'nyumba ino, amve woyera aliyense amene ali ndi makutu. Nkhunda ziwiri zinauluka padenga.

Anacleto anadzuka pachitini atagwira khoma. Anamasula apuloni, anaipinda kanayi, anaiika patebulo. Anatulutsa makiyi n'kuwapereka mmodzimmodzi akutchula: wa chitseko cha kutsogolo, wa kachipinda kano, wa kabati ya magetsi, wa chimbudzi cha azibambo amene satseka bwino. Anapereka kabuku. Anavala chipewa. Atatha zonsezo anasiya tsaya lija, ndipo nkhope yake inamasuka yonse kamodzi, mano ake anayi otsala ali poyera.

"Mukuseka?"

"Ndine munthu wa mumsewu tsopano, komadre. Lumbiro linati nthawi yonse imene ndikugwira ntchito muno."

Anawerama, anatsekula chitinicho, n'kutulutsa kalata. Dona Zulmira anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda makina, manja atawabisa kumbuyo.

"Sindikuifuna."

"Ya boma imakhala yotayipa. Iyi taonani mpandawu. Ng'ombe yomwe ija." Anaiyandikiza panyale. "Chidindo ndi cha pa 3 Malichi. Za paphiri zija zinali mu Febuluwale."

Iwo anayang'ana nthawi yaitali, osaigwira. Kenaka anaitenga, n'kuidula m'mphepete ndi sizasi ija, mowongoka bwino ngati mpendero wa diresi. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga. Anacleto anatembenukira kumisomali n'kuyamba kuwerenga apositi, ngakhale ankadziwa kuti alipo khumi. Padenga panagwa dontho limodzi lalikulu, kenaka lina, kenaka mvula yonse inatsika kamodzi, ndipo phokoso lake linathandiza onse awiri.

Patapita nthawi Dona Zulmira anamina m'kansalu kawo n'kuyamba kunena zam'kalatamo, akadayang'anabe kukhoma. Akuti kuzizira kumeneko n'kwa chilendo, zala zinatupa mwezi wathunthu osagwira pensulo. Akuti nyemba za kumeneko amathira shuga, anthu opanda manyazi. Akufuna masokosi aubweya ndi chigumu cha magwafa chija, chambiri, chifukwa anzake amaba. Akufunsa ngati denga la kachipinda ka atate ake a ubatizo linakonzedwa.

Dontho linagwera pachipewa cha Anacleto.

"Yabwera liti?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri." Anatembenuka. "Nanga nkhope ya maliro ija?"

"Munati ndisaonetse pankhope. Tsono inkafuna kuseka. Ndinkaigwira."

"Ine ndasoka diresi lakuda, kompadre. Lachitatu ndi Lachinayi. Ndi sizasi yomweyi."

Anacleto anaganizira nkhaniyo mofatsa.

"Lakukwanani?"

Dona Zulmira anakweza sizasi, n'kuitsitsanso. Anapinda kalatayo, anailowetsa m'bulauzi, anayang'ana wotchi ya pakhoma imene inkati hafu pasiti 4, kenaka anayang'ana misomali.

"Ndani wachita zimenezi filimu ya eni ake? Anthu akubwera 7 koloko. Bwezerani wapositi."

"Ine sindigwira ntchito pano."

"Musandiyese."

"Mwanena Rita Woyera akumva. Makiyi ali ndi inu."

"Ndakulembaninso."

"Kuyambira liti?"

"Pompano."

"Ndi lumbiro lomwe, kapena?"

"Popanda lumbiro. Belarmino akabwera mumulowetse, mumukhazike pansi, mumupatse khofi."

Anacleto anavula chipewa, anafunyulula apuloni, analandira makiyi mmodzimmodzi. Anafunsa ngati khanda libwerere, iwo anati libwerere. Agogo nawo? Nawonso. Kenaka analoza chidutswa chakumapeto kwa mzere, chija cha munthu wovula chipewa pakhomo.

"Ameneyunso?"

Dona Zulmira anayang'ana pakawindo kakang'ono ka kachipindako. Kudzera m'mvula kunkaoneka madenga a mumsewu wa kumsika.

"Ameneyonso. Akumsika aja palibe anawadulira wapositi." Anachoka pakawindopo. "Ndidutsako mvula ikakata. Tsono mu wachisanu ndi chimodzimo akubweretsa chiyani?"

"Munati ndisakuuzeni mathero."

"Imeneyo inali ntchito yakale."

"Ndiye ine ndine watsopano, filimuyi sindinaionere. Mukaonere nokha, komadre. Mipando ndaika isanu ndi umodzi."

Iwo anang'ung'udza kena kake kokhudza nkhalamba zamakani, anatola sizasi yawo n'kuyamba kutsika. Masitepe analira limodzilimodzi, kenaka analeka chapakati.

"Kompadre."

"Komadre."

"Munthu wanzeru akanaliphwanya lumbiro lija Lachiwiri lomwelo."

Anacleto anasuzumira pakhomo, lezala ili kale m'manja.

"Simunandiuze."

Anakankhira ndowa ndi phazi pamene pankadontha, anatsitsa wapositi woyamba pamsomali, anamuunika panyale kuti aone mutu ndi miyendo, n'kuyamba kupala m'mphepete.